Masamba a Wikipedia osiyanitsa anthu a dzina limodzi: amathandiza kwambiri, koma salongosola zonse

Pa zinthu zonse zimene Wikipedia imapereka kwa owerenga, pali ntchito imodzi imene anthu ambiri amangoidutsa osaiganizira, koma imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri kwa wolemba nkhani, mphunzitsi, wophunzira, ngakhalenso munthu wokonza ulaliki. Ndikunena za masamba osiyanitsa mayina, amene pa Wikipedia ya Chingerezi amatchedwa disambiguation, omwe ntchito yake ndi kundandalika anthu onse odziwika ndi dzina limodzi kuti wowerenga asankhe yekha amene akumufuna. Wikipedia, nkhokwe yaulere ya chidziwitso ya pa intaneti, inayamba mu 2001, imasamalidwa ndi bungwe losachita malonda la Wikimedia Foundation, ndipo nkhani zake zimalembedwa ndi anthu ongodzipereka. Masamba amenewa nawonso ndi aulere, safuna kuti munthu alembetse kaye dzina lake, ndipo alibe zotsatsa malonda. Ndawayeza pogwiritsa ntchito mayina amene ali ndi eni ake otchuka m'chipembedzo, m'ntchito yomenyera ufulu ndi m'masewera, chifukwa m'magawo amenewa kusokoneza anthu awiri kumatha kuika mawu a chikhulupiriro china m'kamwa mwa munthu wa chikhulupiriro china, kapena kupatsa munthu ulemu wa nsembe imene anapereka ndi wina.

Kamangidwe ka tsamba lotere n'kosavuta. Munthu aliyense amapatsidwa mzere umodzi, ndipo mzerewo umakhala ndi dzina, chaka chobadwa ndi chaka chomwalira, mawu ochepa ofotokoza chimene munthuyo amadziwika nacho, komanso linki imodzi yokha yopita ku nkhani yake yonse. Mulibe zithunzi, mulibe ndime zazitali, ndipo malamulo a Wikipedia amaletsa kuikamo maumboni a mabuku, chifukwa tsambalo cholinga chake n'kulozera njira basi. Mayina akachuluka amagawidwa pansi pa timitu monga ndale, chipembedzo, zaluso ndi masewera.

Dzina la John Brown likuonetsa bwino ubwino wa ntchitoyi. Munthu akalemba dzina limeneli m'bokosi lofufuzira safika kwa munthu mmodzi, amafika pa mndandanda wautali. Pamndandandapo pali John Brown wa ku America, wobadwa mu 1800, amene anadana ndi ukapolo mpaka kutenga zida: mu October 1859 iye ndi kagulu kake analanda nkhokwe ya zida za boma ku Harpers Ferry ndi cholinga choyambitsa kuwukira kwa akapolo, anagwidwa, ndipo anapachikidwa pa 2 December chaka chomwecho. Palinso John Brown wa ku Haddington, m'dziko la Scotland, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1722 mpaka 1787. Ali mnyamata woweta nkhosa anadziphunzitsa yekha Chigiriki, kenako anakhala mbusa wa mpingo ndipo mu 1778 anatulutsa Baibulo lokhala ndi ndemanga zake, limene linawerengedwa m'mabanja ambiri kwa mibadwo ingapo. Pansi pa kamutu ka masewera pali John Brown wobadwa mu 1962, amene anasewera mpira wa miyendo ku timu ya Dundee kenako ku Rangers kuyambira 1988. Pamalo ena pali John Brown amene anali wantchito wokhulupirika wa Mfumukazi Victoria ndipo anamwalira mu 1883. Anthu onsewa anasiyana dziko kapena nyengo kapena ntchito, ndipo tsamba limodzi limawaika poyera m'kanthawi kochepa.

Chimene chimandithandiza kwambiri pa mzere uliwonse ndi zaka, kuposa ngakhale mawu ofotokozera. Ku Scotland kokha kunali atumiki a mpingo angapo otchedwa John Brown, ndipo mawu akuti mbusa wa ku Scotland sangawasiyanitse. Mdzukulu wa John Brown wa ku Haddington uja, amene anabadwa mu 1784 n'kumwalira mu 1858, nayenso anali mbusa ndi mphunzitsi wa zaumulungu ku Edinburgh, ndipo dzina lake linali lomwelo. Zaka zoposa zana m'mbuyo mwa mdzukuluyu kunali John Brown wa ku Priesthill, mlimi wopembedza amene anawomberedwa ndi asilikali a mfumu mu 1685 pakhomo la nyumba yake chifukwa chokana kulumbira zimene boma linkafuna. Munthu amene wapeza mawu olembedwa kuti ananena ndi John Brown, ndipo akudziwa nthawi imene analembedwa, amatha kuchotsa mayina ambiri pamndandanda pongoyang'ana manambala. Aliyense amene anaganiza zoti zaka zizikhala pamzere uliwonse anachitira owerenga chinthu chachikulu.

Ndimayamikiranso khalidwe la tsambali la kufunsa m'malo molota. Makina ambiri ofufuzira pa intaneti, munthu akalemba dzina, amabweretsa nkhope imodzi pamwamba ndi chidule cha moyo wake, ndipo wowerenga wothamanga amakhulupirira kuti wafika. Tsamba losiyanitsa mayina limamuimitsa n'kumufunsa kuti, pa anthu onsewa, mukunena uti? Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pankhani ya mayina phulalo limadyedwa kawirikawiri ndi anthu ophunzira bwino amene anangokhulupirira yankho loyamba.

Koma si mayina onse amene amafikitsa wowerenga pamndandanda, ndipo apa ndi pamene ndili ndi dandaulo langa loyamba. Wikipedia ili ndi lamulo lakuti ngati munthu mmodzi amafunidwa ndi owerenga ambiri kuposa anzake onse a dzina lomwelo, kapena ngati kufunika kwake m'mbiri n'kwakukulu kopambana, iyeyo ndiye amatenga dzinalo, ndipo ena onse amakankhiridwa ku tsamba lina. Munthu akalemba Muhammad Ali amafika mwachindunji kwa katswiri wa nkhonya wa ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky, amene anabadwa mu 1942, anapata mendulo ya golide ku Rome mu 1960, anagonjetsa Sonny Liston mu 1964 ndi George Foreman ku Kinshasa mu 1974, ndipo anamwalira mu 2016. Palibe angatsutse kuti owerenga ambiri amafuna iyeyu, choncho lamulolo lili ndi nzeru yake. Vuto ndi lakuti khomo lopitira kwa anzake a dzina limakhala kachiganizo kamodzi ka zilembo zopendekera pamwamba penipeni pa nkhani, pamalo pamene maso amalumphapo pothamangira chithunzi ndi ndime yoyamba. Munthu amene sakudziwa kuti kuli ma Muhammad Ali ena alibe chifukwa choyang'anira kachiganizo kameneko, ndiye amene akufunika thandizo kwambiri ndi yemwe samaliona.

Kuseri kwa khomo limenelo kuli anthu akuluakulu. Kuli Muhammad Ali amene analamulira Egypt kuyambira 1805 mpaka 1848 ndipo banja lake linakhala pampando kufikira m'zaka za m'ma 1950. Ameneyu ndi wosavuta kumusiyanitsa chifukwa zaka zake zili kutali. Ovuta ndi amuna awiri a ku India amene anakhala m'nyengo imodzi, onse ophunzira kwambiri, onse olemba m'Chingerezi, ndipo onse ankatchedwa ndi dzina laulemu lakuti Maulana. Woyamba, Maulana Muhammad Ali, anabadwa mu 1874 ku Punjab n'kumwalira mu 1951. Anamasulira Korani m'Chingerezi ndipo ntchito yakeyo inatuluka mu 1917, komanso anatsogolera nthambi ya ku Lahore ya gulu lachipembedzo la Ahmadiyya kuyambira pamene gululo linagawanika mu 1914 mpaka imfa yake. Wachiwiri, Mohammad Ali Jauhar, anabadwa mu 1878 ku Rampur, anaphunzira ku Aligarh ndi ku Oxford, anayambitsa nyuzipepala ya The Comrade mu 1911, ndipo pamodzi ndi mkulu wake Shaukat Ali anatsogolera gulu la Asilamu a ku India lotchedwa Khilafat, limene kwa kanthawi linagwirizana ndi Mahatma Gandhi polimbana ndi ulamuliro wa Britain. Anakhala mtsogoleri wa chipani cha Indian National Congress mu 1923, anamwalira ku London mu January 1931 ali kumsonkhano wokambirana za tsogolo la India, ndipo anaikidwa m'manda ku Jerusalem.

Kusokoneza amuna awiriwa si cholakwa chaching'ono. Asilamu ambiri salandira ziphunzitso za Ahmadiyya, ndipo mu 1974 nyumba ya malamulo ya Pakistan inasintha malamulo a dziko n'kunena kuti otsatira gululi, kuphatikizapo nthambi ya ku Lahore, si Asilamu, pamene eni akewo amadzitcha Asilamu. Wolemba amene anganene kuti mtsogoleri wa Khilafat ndiye anamasulira Korani ya mu 1917 akhoza kukhumudwitsa mbali zonse ziwiri ndi chiganizo chimodzi. Tsamba losiyanitsa mayina limawalekanitsa ndithu, ndipo pa ichi ndikuliyamikira, koma mawu amene anasankhidwa kuti asiyanitse mutu wa nkhani ya Maulana wa ku Lahore amangomutcha wolemba. N'zoona kuti analemba mabuku ambiri, koma munthu amene anatsogolera gulu lachipembedzo kwa zaka 37 akatchedwa wolemba chabe, wowerenga amene akufunafuna mtsogoleri wachipembedzo akhoza kumudutsa osamuzindikira.

Kalembedwe ka dzina nakonso kamasokoneza. Dzina limodzi la Chiarabu limalembedwa Muhammad, Mohammad, Mohammed, Mohamed, ndipo ku Turkey limamveka Mehmet, malingana ndi dziko ndi chinenero chimene linadzera. Wikipedia imayesetsa kusonkhanitsa kalembedwe kosiyanasiyana kameneka ndi kulozera wowerenga kumene kuli ena, koma munthu wofufuza mosamala ayenera kuyesa njira zingapo asananene kuti munthu amene akumufuna palibe.

Dandaulo langa lalikulu lili pa timitu tija. Kugawa anthu m'magulu a chipembedzo, ndale ndi masewera kumathandiza maso kupeza msanga, koma anthu amene mayina awo amafufuzidwa kwambiri ndi omwe sanakhale m'gulu limodzi. Muhammad Ali wa nkhonya uja analandira dzina limeneli mu March 1964 kuchokera kwa Elijah Muhammad, mtsogoleri wa gulu lachipembedzo la anthu akuda a ku America lotchedwa Nation of Islam, ndipo dzinalo linali chivomerezo cha chikhulupiriro chake. Pa 28 April 1967, ku Houston, anakana kulowa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam chifukwa cha chikhulupiriro chomwecho; analandidwa ukatswiri wake, anakhala zaka zoposa zitatu osaloledwa kumenya nkhonya pa nthawi imene thupi lake linali pachimake, ndipo mlandu wake unathetsedwa ndi khoti lalikulu kwambiri la America mu 1971. Moyo umenewu uli m'masewera, m'chipembedzo ndi m'ntchito yomenyera ufulu nthawi imodzi, ndipo kuchotsapo gawo limodzi n'kulephera kumvetsa magawo enawo. John Brown wa ku Harpers Ferry nayenso anali munthu wowerenga Baibulo kwambiri amene ankakhulupirira kuti ukapolo ndi tchimo pamaso pa Mulungu, ndipo palibe njira yomvetsera zimene anachita popanda kudziwa zimenezi.

Chimodzimodzinso ndi John Lewis wa ku America, amene anabadwa mu 1940 n'kumwalira mu 2020. Mzere wachidule umamutcha womenyera ufulu ndi wandale, ndipo n'zoona: apolisi anamuphwanya chigaza pa mlatho wa Edmund Pettus ku Selma pa 7 March 1965, ali pa chionetsero chomenyera ufulu wovota wa anthu akuda, ndipo anakhala phungu woimira dera la Atlanta kuyambira 1987 mpaka imfa yake. Koma iye anaphunzira kusukulu ya zaubusa ku Nashville ndipo anadzozedwa kukhala mtumiki wa mpingo wa Baptist, ndipo chiphunzitso chake chokana kubwezera chiwawa chinachokera kumeneko. Mnzake wa dzina wa ku England, amene anathandiza kuyambitsa timu ya Blackburn Rovers mu 1875 ndipo anaimbira masewero omaliza a mpira wa miyendo pa mpikisano wa Olympic ku Antwerp mu 1920, amakwana bwino pansi pa kamutu ka masewera. John Lewis wa ku Selma sakwana pansi pa kamutu kamodzi. Sindikunena kuti mzere umodzi ungathe kunyamula moyo wonse wa munthu, koma ndikuona kuti wowerenga ayenera kudziwa kuti kamutu kanaikidwa kuti kamuthandize kupeza dzina, ndipo sikanaikidwe kuti kaweruze chimene munthuyo anali.

Pali chinthu chinanso chimene masamba amenewa satha kunena, chomwe ine ndimachiona kuti ndi chokoma koposa pankhani yonse ya mayina. Mndandanda umaonetsa anthu a dzina limodzi ngati kuti anangokumana mwangozi, pamene nthawi zina dzinalo linaperekedwa dala, ngati cholowa. Dzina lobadwa nalo la Muhammad Ali linali Cassius Marcellus Clay, lofanana ndi la bambo ake, ndipo bambowo anatchedwa dzina la Cassius Marcellus Clay wina, mzungu wa ku Kentucky amene anakhala ndi moyo kuyambira 1810 mpaka 1903. Clay woyambayu anabadwira m'banja lolemera la eni akapolo, koma anatembenuka n'kuyamba kutsutsa ukapolo, anayambitsa nyuzipepala yotsutsa ukapolo ku Lexington mu 1845, ndipo Abraham Lincoln anamutumiza kukakhala kazembe ku Russia. Banja la anthu akuda linatenga dzina lake pomulemekeza, koma katswiri wa nkhonya uja analikana poyera, ponena kuti ndi dzina la ukapolo limene iye sanasankhe. M'nkhani imeneyi muli mbiri yowawa ya dziko lonse la America, koma munthu akalemba Cassius Clay amangotumizidwa ku nkhani ya Muhammad Ali, ndipo kuti aone ulusi womangirira anthu awiriwa ayenera kuwerenga nkhaniyo mpaka pamene pafotokozedwa za ubwana wake.

Nkhani ya Martin Luther King, mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda ku America, nayonso ndi yotero. Iye anabadwa ku Atlanta mu 1929 ndipo anapatsidwa dzina lakuti Michael, ngati bambo ake, amene anali mbusa wa Baptist. Mu 1934 bambowo anapita ku Germany kumsonkhano wa mipingo ya Baptist ku Berlin, ndipo atabwerera anayamba kudzitcha Martin Luther King, natcha mwana wake dzina lomwelo, polemekeza Martin Luther, wansembe wa ku Germany amene mu 1517 anatsutsa kugulitsa zikalata za chikhululukiro n'kuyambitsa kusintha kwakukulu mu mpingo. Ophunzira ambiri amasokoneza anthu awiriwa, ndipo chithandizo chowasiyanitsa n'chofunika, pakuti pakati pa imfa ya Luther mu 1546 ndi kubadwa kwa King pali zaka pafupifupi 400. Koma wophunzira amene wangouzidwa kuti ndi anthu osiyana wauzidwa theka la nkhani.

Ndiyenera kunenanso za amene kulibe pamndandanda. Munthu amalowa pa tsamba losiyanitsa mayina pokhapokha ngati Wikipedia ili ndi nkhani yake kapena imamutchula penapake, ndipo nkhani imalembedwa pokhapokha ngati pali mabuku kapena nyuzipepala zodalirika zimene zinalemba za iye. Masewera amasunga ziwerengero za wosewera aliyense, n'chifukwa chake kamutu ka masewera kawirikawiri kamakhala kotalika, kodzaza ndi anthu amene anasewera nyengo zochepa. Mu 2022 olemba Wikipedia ya Chingerezi anakhwimitsa lamulo lawo kuti kungosewera masewero a ligi yaikulu kusakhalenso kokwanira kuti munthu alembedwe, komabe kusiyanaku kudakalipo. Mlaliki amene anatumikira anthu zikwizikwi m'dziko limene nyuzipepala zake sizinaikidwe pa intaneti, kapena mayi amene anatsogolera anzake pomenyera malo awo popanda mtolankhani wolemba, sapezeka. Choncho mndandanda suuza wowerenga kuti awa ndiwo anthu onse ofunika a dzinali, umangomuuza kuti awa ndiwo amene analembedwa, ndipo munthu amene sanapeze amene akumufuna asakakamize dzinalo pa munthu wina amene ali pamndandanda chifukwa choti ntchito ndi zaka zikuyandikana.

Pa kompyuta masamba amenewa amawerengeka bwino, chifukwa timitu tonse timaoneka pamodzi. Pa foni mndandanda wa dzina lofala umatalika kwambiri, ndipo chala chimatopa chisanafike pa kamutu ka masewera, kamene nthawi zambiri kamakhala chakumunsi popeza timitu timasanjidwa motsatira alifabeti ya Chingerezi. Chimene chimachepetsa vutoli ndi kufotokoza kwachidule kumene kumaoneka pansi pa dzina lililonse munthu akamalemba m'bokosi lofufuzira, kotero kuti nthawi zina amasankha munthu woyenera asanafike n'komwe pamndandanda. Kwa amene amagwira ntchito yosunga mbiri za anthu ambiri, ntchito ina ya bungwe lomweli yotchedwa Wikidata, imene inayamba mu 2012, imapatsa munthu aliyense nambala yakeyake yoyamba ndi chilembo cha Q, ndipo nambalayo sisintha ngakhale dzina litalembedwa m'chinenero china. Imeneyi ndiyo njira yodalirika kwambiri yotsimikizira kuti Mohammad Ali wa m'nkhani ya Chingerezi ndi yemweyo wa m'nkhani ya Chiurdu, ngakhale kuti wowerenga wamba sangaizolowere msanga.

Ndikuwalimbikitsa masamba amenewa kwa aliyense amene amalemba kapena kuphunzitsa za anthu otchuka, ndipo ndikuona kuti pa ntchito yosiyanitsa anthu a dzina limodzi amaposa yankho lachangu la makina ofufuzira. Wowagwiritsa ntchito ayambe ndi zaka, ayang'ane timitu tonse m'malo mwa kamodzi kamene akuganiza kuti munthuyo ali, ndipo atsegule nkhani yonse asanalembe dzina m'ntchito yake. Akafika mwachindunji pa nkhani ya munthu wotchuka, abwerere pamwamba n'kuwerenga kachiganizo kopendekera kaja. Kwa olemba Wikipedia ndili ndi mapempho awiri: kachiganizo kolozera kwa anthu ena a dzina lomwelo kaoneke bwino kuposa mmene kalili, makamaka pa foni, ndipo pamene munthu anatchedwa dzina la mnzake amene ali pamndandanda womwewo, monga zilili ndi ma Cassius Clay aja kapena John Brown wa ku Haddington ndi mdzukulu wake, mzere wake uzinena zimenezo m'mawu ochepa.